Galasi Loonera Patali pa Mfuti ya Gogodela

Mfuti ya gogodela ndi ija imene wonga ndi chipolopolo zimalowera kukamwa kwa mpope, mwini wake n'kuzitsendera pansi ndi ndodo, ndipo ikalira kamodzi imadikira kuti ntchito yonseyo ibwerezedwe isanalirenso. Magulu a nkhondo anaisiya m'zaka za m'ma 1860 ndi 1870 pamene kunabwera mfuti zolowetsera chipolopolo kumbuyo, koma ku United States anthu ambiri akuigwiritsabe ntchito posaka agwape ndi pa mipikisano yowombera chandamale, ndipo bungwe lawo lalikulu, National Muzzle Loading Rifle Association, limene linakhazikitsidwa mu 1933, limachititsa mipikisano yake ku Friendship m'chigawo cha Indiana. Pakati pa anthu amenewa pali funso limene silitha: kodi n'koyenera kumangirira galasi loonera patali, limene ambiri amangolitcha sikopu, pa mfuti imene anaipanga kuti munthu azilunjikira ndi tizitsulo tiwiri basi?

Funsoli nthawi zambiri limabwera ndi ukalamba. Polunjika ndi tizitsulo, diso limayenera kusamala zinthu zitatu zotalikirana, zimene ndi kachitsulo ka mpata kakumbuyo, kachitsulo kosongoka kakutsogolo ndi chandamale chenichenicho, ndipo munthu akapitirira zaka 40 diso lake limayamba kuvutika kuona bwino chinthu chapafupi, mwakuti kachitsulo kakumbuyo kamaoneka mwachimbuuzi. Sikopu imathetsa vutoli chifukwa imaika timizere tiwiri topingasana ndi chithunzi cha chandamale pamalo amodzi, diso n'kumangoona chinthu chimodzi chokuzidwa.

Amene amanena kuti galasi pa gogodela ndi chinthu chachilendo salondola kwenikweni. Buku la John R. Chapman lotchedwa The Improved American Rifle, limene linatuluka mu 1848, linafotokoza kale za magalasi otere, ndipo Morgan James wa ku Utica m'chigawo cha New York anali mmodzi wa amisiri oyamba kuwapanga. Mu 1855 William Malcolm anayamba kupanga ake ku Syracuse, ndipo anali timachubu tating'ono m'mimba, mamilimita 19 okha, koma totalika pafupifupi ngati mpope wonse. Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865, akatswiri ena owombera patali ananyamula mfuti zolemera kwambiri zokhala ndi magalasi amenewa, zina zopitirira makilogalamu 10, ndipo kulemerako kunkameza mphamvu imene mfuti imakankhira mwini wake ikalira. Kumbali ya asilikali akummwera kunali mfuti zochepa za Whitworth zopangidwa ku Manchester, zimene bowo la mpope wake linali la mbali zisanu ndi imodzi, ndipo zina mwa izo zinali ndi galasi la David Davidson lomangiriridwa kumanzere kwa mfuti m'malo mwa pamwamba. Galasi limenelo linkakhala pafupi kwambiri ndi diso, kotero kuti owombera ankatupa m'maso mfuti ikabwerera m'mbuyo.

Mfuti zonsezi zinali ndi mazinga m'kati mwa mpope, ndiye kuti tingalande topotana timene timazunguza chipolopolo kuti chiziuluka molunjika. Apa ndi pamene zimasiyanirana ndi gogodela zambiri zimene zinafika m'dera la Nyanja ya Malawi ndi chigwa cha Zambezi m'zaka za m'ma 1800 kudzera mwa amalonda a minyanga ndi akapolo, chifukwa zambiri mwa izo zinali za mpope wosalala, ndipo chipolopolo chotuluka mu mpope wotere chimapatuka mosadziwika chikangodutsa mamita makumi angapo. Galasi pa mfuti yotero lingangoonetsa bwino chandamale chimene chipolopolo sichikafikapo.

Vuto loyamba pomangirira sikopu pa gogodela ya mtundu wakale, monga Hawken imene abale awiri Jacob ndi Samuel Hawken ankapanga ku St. Louis, kapena zofanizira zake zimene kampani ya Thompson/Center inayamba kugulitsa mu 1970, ndi kanyundo koyatsira moto. Kanyundoka kamakhala kumbali ya kumanja ndipo kakakokedwa kamatukuka kupitirira msana wa mpope, pamalo enieni pamene mbali ya galasi yoyang'anirako iyenera kudutsa, ndiponso chala chiyenera kupeza mpata woveka kachipewa kamkuwa koyatsira wonga pa kansonga kake. Pa mfuti yoyatsa ndi mwala vutoli limakula, popeza wonga wochepa umene umakhala m'kambale kapambali umayaka panja, ndipo malawi ndi mwaye zimalunjika pomwe pali galasi. Wonga wakuda ukapsa, pafupifupi theka lake limatsala ngati litsiro, ndipo litsiro limenelo limakoka chinyezi ndi kudyetsa chitsulo dzimbiri, kotero pansi pa zomangira galasi pamene nsanza siifika pamakhala malo oyamba kuwonongeka.

Vuto lachiwiri, limene lili lalikulu kuposa onse chifukwa limakhudza moyo, ndi kuboola mpope. Mfuti zambiri zamakono zimatuluka ku fakitale zili ndi mabowo a masikuluwu omangira galasi, pamene gogodela ya mtundu wakale kawirikawiri ilibe, ndipo wofuna kuika galasi pamwamba amayenera kuboola chitsulo ndi kudulamo mazinga a masikuluwu. Mpope wodziwika wa mbali zisanu ndi zitatu, wokula mamilimita pafupifupi 24 kuchokera mbali ina kufika ina, wokhala ndi bowo la mamilimita 12.7, umatsala ndi khoma lochindikala mamilimita osafika 6, ndipo mabowo a masikuluwu amafunika kumbuyo, kumene wonga umaphulikira ndi mphamvu yake yonse. Bowo likapitirira pang'ono, khomalo limafooka pafupi ndi nkhope ya wowombera. N'chifukwa chake imeneyi ndi ntchito ya mmisiri wa mfuti wokhala ndi makina oyeza kuya kwa bowo, ndipo asanagwire chilichonse amayamba watsitsa ndodo mu mpope kuti aone ngati mulibe wonga wotsala, pakuti gogodela siitseguka kumbuyo kuti munthu asuzumiremo, ndipo wonga wakuda umatha kuyaka ngakhale utagona mu mpope zaka zambiri. Mfuti yakale yeniyeni, yopangidwa m'zaka za m'ma 1800, siyenera kubooledwa n'komwe, chifukwa bowo limodzi limaichotsera mtengo wake ndiponso limawononga chinthu cha mbiri chimene sichingapangidwenso.

Pali njira zozembera kuboola kapena kukuchepetsa, ndipo iliyonse ili ndi vuto lake. Ena amachotsa kachitsulo kakumbuyo kolunjikira n'kugwiritsa ntchito mabowo kapena mpata umene kanakhalamo, zimene zimakankhira galasi kutsogolo, kutali ndi kanyundo ndi mwaye, koma pamenepo pamafunika sikopu yapadera imene munthu amaonamo diso lili pa mtunda wa masentimita 25 kapena kuposa, ndipo sikopu zotere sizikuza kwambiri. Ena amapendeketsa galasi kumanzere monga anachitira Davidson, ndipo zotsatira zake n'zakuti mzere wa diso ndi mzere wa mpope zimakumana pa mtunda umodzi wokha, chipolopolo n'kumagwera kumanja chandamale chikayandikira ndi kumanzere chikatalikira. Ena amakweza galasi ndi mphete zazitali kuti kanyundo kadutse pansi, koma thabwa la gogodela linasemedwa mopendekera pansi kuti tsaya likagona pamenepo diso lilunjike tizitsulo tam'munsi, mwakuti galasi likakwera mutu umalendewera m'malere wopanda potsamira pokhapokha atawonjezerapo chikopa chochindikala. Njira imene imagwirizana kwambiri ndi maonekedwe a mfutiyi ndi kugula chofanizira cha galasi lalitali la Malcolm, chimene makampani ena akupangabe, ngakhale kuti chubu chopapatiza chimalowetsa kuwala kochepa ndipo chimaonetsa malo ochepa, zimene zimavuta m'bandakucha ndi madzulo pamene nyama zimayenda.

Njira ina iliyonse imene yasankhidwa, galasi liyenera kumangiriridwa pa mpope osati pa thabwa, chifukwa pa mfuti za mtundu wa Hawken mpope umazulidwa nthawi zonse kuti utsukidwe ndi madzi, ndipo ukabwezedwa sukhala ndendende pamene unali. Diso liyeneranso kutalikira galasi ndi masentimita osachepera 8 kuti chitsulo chisadule chikope mfuti ikabwerera.

Kugwirizanitsa galasi ndi kumene chipolopolo chimagwera kumatenga nthawi yaitali kuposa pa mfuti zina. Popeza kumbuyo kwa mpope n'kotseka, munthu sangasuzumiremo kuti alunjikitse mpope ndi galasi asanawombere, kotero amayambira pafupi, pa mamita 25, ndi pepala lalikulu, kenako n'kusunthira pa mamita 50 kapena 75. Muyeso wa wonga, kulemera kwa chipolopolo, kuchindikala kwa kansalu kokulungira chipolopolocho ndi mphamvu yotsendera ndodo ziyenera kufanana nthawi zonse, ndipo mu mpope muyenera kupukutidwa mofanana pakati pa kuwombera kulikonse, apo ayi wowombera amakhala akupotoza galasi pofuna kukonza cholakwa chimene sichili m'galasimo.

Chimene galasi silingasinthe ndi ulendo wa chipolopolo. Chipolopolo chozungulira chamtovu cha mfuti ya bowo la mamilimita 12.7 chimalemera magalamu pafupifupi 11.5, ndipo chifukwa cha kaumbidwe kake mphepo imachibweza kwambiri, mwakuti pofika mamita 100 chimakhala chitataya kale mphamvu yoposa theka ya imene chinatuluka nayo, chikugwa mofulumira ndiponso chikukankhidwa ndi kamphepo kalikonse kam'mbali. Mfuti ya Whitworth inkafika kutali chifukwa chipolopolo chake chinali chachitali, cholemera magalamu pafupifupi 34, chozunguzidwa kamodzi pa masentimita 51 alionse, pamene mazinga a Hawken ya masiku ano amazungulira kamodzi pa masentimita 122. Ngozi ya galasi lokuza kwambiri ndi yakuti limaonetsa gwape wa pa mamita 200 ngati ali pafupi, mlenje n'kukopeka kuwombera pamene chipolopolo chake chingangovulaza nyama n'kuisiya ikafere kutali ndi ululu. Pa chifukwa chimenechi, galasi lokuza kawiri mpaka kanayi ndi lokwanira pa gogodela ya chipolopolo chozungulira.

Malamulo nawonso ali ndi mawu. Zigawo za United States zinapatula nyengo zosakira ndi gogodela poganiza kuti mfutiyi imawombera kamodzi ndiponso siifika patali, koma kuyambira 1985, pamene Tony Knight anatulutsa MK-85 imene choyatsira chake chili kumbuyo kwenikweni kwa mpope ndipo imalandira galasi mosavuta, kusiyana kwake ndi mfuti zamakono kunayamba kuchepa. Zigawo zambiri tsopano zimalola sikopu, koma Colorado ndi Idaho zimailetsa pa nyengo ya gogodela, ndipo Pennsylvania ili ndi nyengo yoyamba Khirisimasi itangodutsa imene imalola mfuti zoyatsa ndi mwala zokha, zopanda galasi. Mlenje wa maso ofooka m'zigawo zoterezi kawirikawiri amatembenukira ku kachitsulo ka kabowo kakang'ono komangiriridwa pafupi ndi diso, kamene sikakuza chilichonse koma kamathandiza kuti kachitsulo kakutsogolo ndi chandamale zioneke bwino, ndipo kamafuna masikuluwu awiri okha pa chitsulo chakumbuyo kwa mpope, kumene kulibe wonga.