Amisiri a kunyanja ya Chilwa ndi zionetsero: phindu limayambira kunyumba

Munthu woyenda m'mamawa pamsewu wochokera kudoko la Kachulu kulowera mumzinda wa Zomba sachedwa kukumana ndi njinga zosenza mphasa zokulungakulunga, madengu olowetsana ndi malichero omangidwa pamodzi. Katunduyu ndi thukuta la amisiri a m'midzi ya mafumu aakulu Mwambo, Kuntumanji ndi Mkumbira. Ena amaluka mikeka ndi zisoti za mlaza, ena amaumba mitsuko, miphika ndi mbaula, pamene ena amasema mitondo, mithiko ndi zipande.

Ambiri mwa amisiriwa amagulitsa katundu wawo pakhomo kapena m'misika monga wa Jali, Govala ndi Songani. Kawirikawiri wogula amakhala wopikula, yemwe amatchula yekha mtengo podziwa kuti mmisiri akufuna ndalama ya chigayo tsiku lomwelo. Mphasa ija ikafika m'tauni imagulidwa pamtengo wokwererapo, koma mwini luso sapezapo gawo. Zionetsero za ntchito zamanja ndi njira imodzi yokumanitsira mmisiri ndi wogula maso ndi maso. Komabe, si aliyense wopita kuchionetsero amene amabwerako ndi phindu. Kupindula kapena kuluza kumatengera zomwe mmisiri wachita asananyamuke kwawo.

Chifukwa chake ntchitoyi ili yofunika kuno

Nyanja ya Chilwa ndi yosaya, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imadalira mvula ndi mitsinje yothiramo monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe. Mvula ikavuta kwa zaka zotsatana, nyanjayi imaphwa, monga zinachitikira m'zaka za 1968, 1995 ndi 2018. Pa nthawi zoterezi matemba, makumba ndi milamba zimasowa, mabwato amakhala pamtunda, ndipo mabanja odalira usodzi amasowa pogwira. Madzi akachulukitsanso, monga zinalili pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, minda ya mpunga ndi chimanga imamira. Ngakhale m'chaka chabwino, pamakhala miyezi ya dzinja yomwe makoka saloledwa m'nyanja pofuna kuti nsomba ziswane.

Ntchito zamanja zimathandiza banja kudutsa m'nyengo zoterezi. Sizilira feteleza kapena injini, ndipo zipangizo zake zambiri, monga bango, njedza, mlulu, mlaza, nsungwi ndi dongo, zimapezeka m'dera lomweli. Luso nalo si lachilendo: manja omwe amaluka mono wogwirira nsomba ndi kumanga zimbowera pakati pa njedza akhozanso kuluka katundu wokopa wogula wa m'tauni.

Kusiyana kwa msika ndi chionetsero

Pamsika anthu amagula chimene asowa pakhomo, ndipo amayang'ana chotchipa. Pachionetsero pamabwera anthu ofuna kuona zatsopano: eni malo ogona alendo, eni masitolo, ogwira ntchito m'boma ndi m'mabungwe, aphunzitsi a ku University of Malawi komanso alendo okaona phiri la Zomba. Anthu amenewa amafunsa amene anapanga chinthucho, zipangizo zomwe anagwiritsa ntchito, ndiponso ngati angathe kupanga zina zofanana nacho.

Zionetsero zilipo za misinkhu yosiyanasiyana. Zapafupi ndi zionetsero za zaulimi zomwe alangizi amakonza m'madera ndi paboma, komanso masiku omwe mabungwe amaonetsa ntchito zawo. Palinso miyambo ikuluikulu yosonkhanitsa anthu ambiri, monga wa Mulhako wa Alhomwe womwe umachitikira kwa Chonde m'boma la Mulanje m'mwezi wa Okutobala. Zazikulu kwambiri ndi zomwe bungwe la Malawi Confederation of Chambers of Commerce and Industry limakonza pabwalo la zionetsero la Chichiri mumzinda wa Blantyre. Ndi nzeru kuyambira pafupi, pomwe ulendo ndi malo oyalapo katundu sizidula, kenako n'kumakwera pang'onopang'ono.

Phindu la chionetsero lili patatu. Loyamba ndi mtengo wabwino wa katundu wogulitsidwa tsikulo. Lachiwiri, lomwe ndi lalikulu kuposa loyamba, ndi maoda: wogula mmodzi wofuna mikeka makumi awiri mwezi uliwonse aposa khamu longodutsa. Lachitatu ndi maphunziro, pakuti mmisiri amaona ntchito za anzake ndi kumva zomwe ogula akuyamikira kapena kudandaula.

Kuwerengera mtengo

Cholakwika chomwe chimagwetsa amisiri ambiri ndi kuiwala kuwerengera nthawi yawo. Popeza bango kapena mlaza anakadula okha, amaona ngati chilichonse chomwe alandira ndi phindu. Mtengo woyenera uli ndi zigawo zinayi: masiku omwe ntchito yatenga, zipangizo, ndalama za ulendo, ndi phindu.

Nachi chitsanzo, ndipo manambala ake ndi ongofanizira. Ngati mkeka watenga masiku atatu, kuyambira kudula mlaza kufikira kusoka, ndipo ganyu wa tsiku limodzi m'deralo ndi K4,000, ndiye kuti ntchito yokha ndi K12,000. Chingwe ndi utoto zikadya K3,000, ndalama yafika pa K15,000. Ngati gulu lalipira K60,000 ya galimoto ndi malo pachionetsero, ndipo lanyamula katundu wokwana 40, chinthu chilichonse chisenze K1,500. Apa mkeka uja wafika pa K16,500, phindu lisanaikidwepo. Wougulitsa pa K10,000 wataya masiku ake, ngakhale abwerere kunyumba ndi ndalama m'thumba.

Kuwerengera kotereku kuyenera kubwerezedwa nthawi ndi nthawi. Pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya chingwe, utoto ndi zoyendera inakwera. Mmisiri amene akutchulabe mtengo wakale ndiye kuti akudya mpamba wake. Mtengo ukadziwika, ulembedwe pakapepala n'kumangirira pakatunduyo. Wogula wonenerera akhoza kuchotseredwa pang'ono pagawo la phindu, koma osati pagawo la ntchito ndi zipangizo.

Katundu woyenera pachionetsero

Malonda ndi m'maso. Wogula amayamba wayang'ana m'mphepete mwa mphasa kuti aone ngati mwadulidwa mofanana, amagwedeza mkombero wa lichero kuti amve ngati wamangidwa zolimba, ndipo amagogoda mtsuko kuti amve kulira kwake. Mtsuko wowotchedwa bwino umalira mokweza, pamene wa mng'alu umalira mogonthera. Nsungwi zodula zisanakhwime zimafumbwa msanga, ndipo bango kapena mlaza wosauma bwino umachita chuku. Katundu wotere akhoza kugulidwa kamodzi, koma wogulayo sabweranso.

Chinanso ndi muyeso. Mwini malo ogona alendo akafuna madengu khumi, amafuna khumi ofanana msinkhu ndi maonekedwe. Gulu likhale ndi tepi kapena ndodo yoyezera, ndipo ligwirizane miyeso itatu yokha: waung'ono, wapakati ndi waukulu.

Ndi bwinonso kuganizira momwe wogula adzanyamulire katunduyo. Mlendo woyenda pabasi sanganyamule mphasa yaikulu kapena mtondo, koma akhoza kutenga timikeka toyala patebulo, nsengwa, chisoti kapena chikwama cha mlaza. Boma linakhazikitsa malamulo oletsa mapulasitiki opyapyala m'chaka cha 2015, ndipo Khoti la Supreme linagwirizana ndi chiletsochi mu 2019. Izi zikupereka mwayi kwa oluka madengu ndi zikwama zopitira kumsika. Oumba nawo ali ndi mwayi pa mbaula za Chitetezo, zomwe zimadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu.

Pachinthu chilichonse pakhale kapepala kosonyeza dzina la gulu, mudzi ndi nambala ya foni. Kapepala kameneka ndi kamene kamabweretsa wogula chionetsero chitatha. Ngati n'kotheka, mmodzi wa gulu akhale pansi n'kumaluka anthu akuona, chifukwa munthu amene waona kuvuta kwa ntchito sanenerera mopitirira. Popeza ogula ambiri a m'tauni sayenda ndi ndalama zambiri m'thumba, gulu likhale ndi nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba yodziwika kwa mamembala onse.

Mphamvu ya gulu

Mutu umodzi susenza denga. Kuchokera ku Kachulu kukafika mumzinda wa Zomba ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 30, ndipo wochokera pachilumba cha Chisi amayamba walipira bwato. Mmisiri mmodzi sangakwanitse ulendo, chakudya ndi malo kuchokera pa mphasa zisanu. Amisiri khumi akasonkha, akhoza kutuma anthu awiri odziwa kulankhula ndi ogula, ena onse n'kutsala akupitiriza ntchito.

Gulu lotere liyenera kukhala ndi kaundula wolembamo mwini katundu aliyense, mtengo wake, zomwe zagulidwa ndi zomwe zabwerera. Magulu ambiri amatha chifukwa cha kukayikirana pa ndalama, osati chifukwa cha kusowa luso. Banki mkhonde ikhoza kuthandiza kusunga ndalama ya ulendo miyezi ingapo chionetsero chisanafike, m'malo mothamangira katapila. Gulu likakhwima likhoza kulembetsa ngati kopaletivu, ndipo malamulo amafuna mamembala osachepera khumi. Kulembetsa kumathandiza kutsegula akaunti kubanki ndi kuchita malonda ndi masitolo omwe amafuna malisiti.

Ganizo loti dera lidziwike ndi katundu wake si latsopano m'dziko muno. Ndondomeko ya One Village One Product, yomwe inayambira m'chigawo cha Oita ku Japan m'chaka cha 1979, inakhazikitsidwa m'Malawi mu 2003. Ku Mua m'boma la Dedza, malo a Kungoni, omwe anakhazikitsidwa mu 1976 ndi Bambo Claude Boucher, atchukitsa osema a m'deralo mpaka kunja kwa dziko. Palibe chifukwa choti mphasa ndi madengu a ku Chilwa asadziwike ndi dzina la kwawo.

Oda ikapezeka, gulu lilembe chiwerengero, muyeso, mtengo ndi tsiku loperekera katundu, ndipo lipemphe gawo la ndalama poyamba kuti ligulire zipangizo. Ndi bwino kukana oda yopitirira mphamvu kusiyana ndi kuvomera kenako n'kulephera, chifukwa mbiri ya gulu losasunga pangano imafala msanga pakati pa ogula.

Magulu ofuna uphungu akhoza kudzera kukomiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), ya m'dera (ADC) kapena kwa khansala wa wodi yawo. Alangizi a zachitukuko cha m'madera amathandiza pa kayendetsedwe ka gulu ndi banki mkhonde, ofesi ya zamalonda kukhonsolo imalongosola za kulembetsa makopaletivu, ndipo alangizi a zaulimi ndi amene amadziwa masiku a zionetsero za m'madera. Gulu lodziwika kumakomitiwa ndi lomwe limamva msanga mwayi ukapezeka.

Kusamala dambo

Popanda dambo palibe mphasa. Pangano la Ramsar, loteteza madambo ofunika padziko lonse, linayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 1997, ndipo Chilwa ndi malo oyamba m'dziko muno kulembedwa pansi pa panganoli. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linaikanso nyanjayi m'gulu la malo achilengedwe ofunika kusamalidwa pamodzi ndi anthu okhalamo. Njedza ndi bango zomwe amisiri amadula ndi momwenso nsomba zimaswerana ndiponso mbalame za m'madzi zimamanga zisa.

Moto wolusa m'chilimwe ukhoza kupsereza tsiku limodzi zipangizo zomwe zikanakwanira mudzi wonse chaka chathunthu. Maoda akachuluka, pamakhalanso chiyeso chodula chilichonse, chokhwima ndi chanthete chomwe. Amisiri ali ndi chifukwa chokwanira chogwirizana ndi mafumu komanso makomiti a m'madoko pa nthawi ndi malo odulako. Wodula mlaza asiyeko masamba ena kuti mtengo usafe, ndipo pakhomo pa woluka madengu pasasowe phata la nsungwi lobzala yekha. Ana aphunzire luso kwa makolo akaweruka kusukulu kapena pa tchuthi, osati m'malo mwa sukulu.

Nthawi yokonzekera

Zionetsero zambiri zimachitika m'miyezi yopanda mvula, anthu atakolola. Motero gulu lofuna kutengapo mbali liyambe kukonzekera mvula ikangosiya: kudula ndi kuyanika zipangizo, kugwirizana miyeso, kuwerengera mitengo ndi kusonkha ndalama ya ulendo. Likabwerako, likhale pansi sabata yomweyo, liwerengere zomwe zalowa ndi zomwe zatuluka, lilembe katundu amene anayenda malonda ndi amene anabwerera, ndipo liimbire foni wogula aliyense amene anasiya nambala yake. Katundu wobwerera asagulitsidwe motaya kwa wopikula woyamba kufika pakhomo. Asungidwe pamalo ouma, pathandala, kudikira chionetsero chotsatira.