Bwemba wathu ungadyetse banja: phunzilo locokela ku Singapore

Abale ndi alongo a m'cigwa ca Luangwa, mtengo wa bwemba umene timaudutsa popita kumunda uli ndi mbili kutali kuposa mmene timaganizila. Ku Malaysia ndi ku Singapore kuli anthu ochedwa Peranakan. Makolo ao anali amalonda ocokela ku China amene anakhazikika ku Malacca ndi ku Penang zaka mazana angapo zapitazo, nakwatila akazi a kumeneko. M'manyumba amenewo munabadwa kaphikidwe kochedwa Nyonya, dzina limene amaitanila nalo amai a mtunduwo.

Amai amenewa amasinja tsabola, anyezi ndi zokometsela zina mu mtondo, monga timasinjila nshawa kuno. Msuzi amauwawasitsa ndi bwemba, mtengo umene kwao kweni-kweni ndi kuno ku Africa. Ku Penang, msuzi wa nsomba ndi bwemba wochedwa asam laksa umakoka alendo ocokela maiko akutali. Mu 2016 lesitilanti ya Candlenut ku Singapore inakhala yoyamba ya zakudya za Peranakan kulandila nyenyezi ya Michelin, ulemu waukulu pakati pa ophika. Wophika wake, Malcolm Lee, maziko a luso lake anawapeza pa mphika wa amai ake ndi agogo ake.

Nanga ife kuno ku Mambwe? South Luangwa inakhala paki mu 1972, ndipo caka ndi caka, maka-maka kuyambila June kufika October, alendo amatela pa bwalo la ndeke la Mfuwe. Koma m'malo ambili odyela a m'mbali mwa mseu timawaikila chipisi ndi soseji, zimene anazisiya kwao. Nsima ya mapila, nkhwani yotendela, thelele la cidulo, mlamba wouma, phala la malambe ndi thobwa timazibisa ngati za manyazi. Ana athu naonso akukula osadziwa kuceza cidulo kapena kufutsa ndiwo za m'cilimwe. Agogo akapita, nzeluzo zidzapita nao kumanda.

Nkhaniyi ikukhudzanso thumba la mlimi. Banja likatsegula malo odyela ophika zakwathu, limagula mpunga, nshawa, nkhuku ndi masamba kwa anansi. Ndalama imazungulila m'mudzi momwemo. Bungwe la COMACO laonetsa kale kuti mpunga, ciponde ndi uci za m'cigwa muno zimagulika m'masitolo a ku Lusaka pansi pa dzina la It's Wild! Ngati zimagulika m'paketi, zingalepheletu bwanji m'mbale?

Koma pali zofunika kusamala. Coyamba ndi ukhondo: madzi osamba m'manja, mbale zoyela, cakudya covundikila, ndi cilolezo ca khonsolo. Caciwili, nyama ya m'thengo yopanda cilolezo isalowe mu mphika wa malonda, cifukwa mapeto ake ndi ndende. Cacitatu, boma limaletsa kugwila nsomba m'madzi ambili a dziko lino kuyambila 1 December mpaka kumapeto kwa February. Miyezi imeneyo tiphike nyemba, nkhuku ndi bowa. Cacinai, tisadalile azungu okha. Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Mvula ikayamba makampu ambili amatseka, ndipo otsala ogula ndi aphunzitsi, anamwino, madalaivala ndi mabanja ocokela ku chalichi pa Sondo. Mtengo ukhale woti iwo angakwanitse.

Tikupempha magulu a amai m'maparishi ndi m'mipingo yonse, kuyambila kwa Nsefu, Kakumbi ndi Mnkhanya mpaka kwa Jumbe, Msoro ndi Malama, kuti aitane agogo aphunzitse acinyamata, ndipo wodziwa kulemba alembe maphikidwewo m'kabuku. Pa mwambo wa Malaila, alendo alawe za Cikunda zeni-zeni. Ndipo inu atate, tsiku lina mukagulitsa thonje, tengani banja lonse mukadye kwa mnansi amene waphika zakwathu. Mukatelo mwathandiza wophika, ndi mlimi amene anamugulitsa ndiwo.