Mapulagi a gong'a anatiimitsa panjira ya njovu ku Mfuwe

Inu amene mumakwera basi m'mawa uliwonse kuchokera ku Chawama, Matero kapena Mtendere, phokoso ili mulidziwa. Injini imatsokomola pa maloboti, motoka n'kumanjenjemera ngati munthu wa malungo, draiva n'kumaponda mafuta kuti isazime. Ambiri timangoti bola tifike. Nanenso ndinali kutero, mpaka pa ulendo wanga wa ku Mfuwe mwezi wa Okutobala.

Nditafika ku Chipata pa basi yaikulu, ndinalowa m'takisi ya Corolla yotsikira m'chigwa cha Luangwa, mtunda wa makilomita pafupifupi 130. Titadutsa pa Jumbe, motoka inayamba kugwedera. Pa kamtunda kakang'ono chabe inkalira ngati yasenza matumba a simenti. Titatsala pang'ono kufika pa Cropping, pomwe pali msika wa Mfuwe, inazima n'kukana kulira. Dzuwa linali litalowa.

Ine ndi nzeru za ku Lusaka ndinatola chola kuti ndimalize wapansi. Amayi ena omwe anali ndi mwana kumbuyo anandigwira dzanja. "Mwanawe, khala pansi. Ino ni nthawi ya mango, njovu zili panjira." Sanali kundiopseza. Madzulo njovu zimawoloka mtsinje kuchokera m'nkhalango ya South Luangwa kudzadya m'midzi, ndipo anthu a kuno sayenda usiku mwachisawawa.

Draiva anatumira foni makanika, mdala wina amene anabwera pa njinga yamoto. Sanathamangire sipanala. Anatsegula boneti n'kudikira kuti injini izizire, chifukwa kumasula pulagi injini ili yotentha kumatha kuononga mazinga a m'mutu wa injini, omwe pa motoka zambiri za masiku ano ndi wa aluminiyamu wofewa. Atachotsa mapulagi onse anayi anawayala pa kansalu, ine ndikuunikira ndi foni.

Ntchito ya pulagi ndi kuthetheka moto woyatsa petulo wosakanizidwa ndi mpweya m'kati mwa injini, kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Imodzi ikafa, petulo wa m'chipinda chake sapsa, amangotuluka ku ekizozi. Mphamvu imachepa, mafuta amapita ambiri. Pa motoka yathu awiri anali atafa, kansonga kapakati katadyeka. Awiri enawo anali bii ndi mwaye.

"Awa munagula kuti, ba draiva?" anafunsa mdala uja. Draiva anavomera kuti anawagula motchipa pa kasitolo kena miyezi iwiri yapitayo, ndipo pa kabokosi analembapo kuti iridium. Mdala anangopukusa mutu. "Ni gong'a aya. A zoona sangathe pa miyezi iwiri."

Pamene anali kumanga ena akale koma abwino amene anabwera nawo, anandiphunzitsa kuwerenga pulagi. Nsonga ikakhala yotuwa kapena yofiirira ngati khofi wamkaka, injini ili bwino. Ikakhala yakuda ndi mwaye wouma, petulo akuchuluka kuposa mpweya, ndipo kawirikawiri vuto limakhala fyuluta ya mpweya yotsekeka ndi fumbi. M'chilimwe fumbi la ku Mfuwe si lamasewera, koma la ku Kanyama nalonso silichepa. Ikakhala yonyowa ndi oilo, injini ikudontha m'kati, mwina maringi atha, ndipo pulagi yatsopano siingachize zimenezo. Ikakhala yoyera mbee ndi matuza, ikutentha mopitirira, ndipo mukaumirira mudzaboola pisitoni.

Posankha, musamangoona kuti ikulowa pa bowo. Injini iliyonse ili ndi nambala ya pulagi yake, yolembedwa m'buku la motoka komanso pa pulagi yakale ngati inali yoyenera. Nambalayo imanena kutalika kwa mazinga ndi mmene pulagi imatayira kutentha. Pa mapulagi a NGK, nambala ya kutentha ikakwera ndiye kuti pulagi imataya kutentha msanga. Yosayenera imadzaza mwaye kapena kupsa. Kampata kamene moto umadumpha nakonso kali ndi muyeso wake, pa motoka zambiri pakati pa mamilimita 0.7 ndi 1.1.

Mapulagi wamba amafuna kusinthidwa pakatha makilomita 20,000 mpaka 30,000. A iridium enieni, monga a NGK, Denso kapena Bosch, ena amafika pa 100,000, n'chifukwa chake mtengo wake ndi wokwera. Mukapeza a iridium pa mtengo wa wamba, dzifunseni kawiri. Gulani m'sitolo yodziwika, tengani lisiti. Sinthani onse pamodzi, osati imodziimodzi. Pomanga, yambani ndi dzanja kuti mazinga agwirane bwino, sipanala ibwere pomaliza, ndipo musakanikize ngati mukumanga tayala. A iridium musawapale ndi waya kapena sandipepa, nsonga yake ndi yopyapyala.

Mwina mukuti basi yanu ndi ya dizilo. Zoona, ma Rosa ndi ma Hiace ambiri a dizilo alibe mapulagi othetheka moto. Ali ndi ena otenthetsa injini poliza m'mawa, makamaka m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi. Koma ma Hiace a petulo, ma Noah ndi matakisi amene timakwera basi ikasowa, onsewo amayendera mapulagi.

Motoka yathu inalira cha m'ma 20 koloko. Draiva analipira makanika ndi njinga yamoto, ndipo ulendo wobwerera ku Chipata usiku umenewo unamuphonya. Ndalama imene anapulumutsa pa kasitolo kaja inapita yonse, n'kuonjezera ina pamwamba. Tisanafike pa Cropping tinaima kachiwiri, ulendo uno mwadala, kuti njovu zitatu ndi kamwana ziwoloke msewu. Amayi aja anandiyang'ana osalankhula kanthu.

Sabata yatha, basi ya ku Chelstone inayamba kutsokomola pa Manda Hill. Potsika ndinauza kondakitala kuti auze abwana ake aonetse injini, mwina ndi mapulagi. Anaseka, nati, "Manje ndimwe ba makanika?" Sindine makanika, koma ndalama ya petulo wotayika ku ekizozi imachoka m'thumba la ife okwera, ndipo basi ikafera panjira ochedwa ku ntchito ndife.