Kusankha Wosewera wa Mawa: Draft mu Ligi za Baseball za pa Intaneti

Baseball ndi masewera a anthu a ku America, Japan, Cuba, Dominican Republic ndi mayiko ena, ndipo ambiri mwa ife sitinagwirepo ndodo yake. Komabe pa intaneti pali maligi oyerekeza pomwe munthu aliyense, kulikonse komwe ali, angayendetse timu ngati bwana wamkulu. Pulogalamu yodziwika kwambiri pa ntchito imeneyi ndi Out of the Park Baseball, yomwe Markus Heinsohn wa ku Germany anaitulutsa koyamba mu 1999. Simuponya kapena kumenya mpira nokha. Kompyuta ndi imene imasewera, inu ntchito yanu ndi kuganiza: mulembe ndani, mugulitse ndani, mumulipire zingati. Pa maganizo onsewo, lovuta kwambiri limabwera kamodzi pa sizoni, pa tsiku la draft.

Draft ndi dongosolo lomwe matimu amasankhira mosinthana achinyamata amene sanayambe kusewera molipidwa. Ku Major League Baseball inayamba mu 1965, ndipo woyamba kusankhidwa anali Rick Monday. Timu imene yachita moipa imasankha koyambirira kuti nayo ipezeko mpata wodzuka. Kuyambira 2021 draft imakhala ndi ndime 20, ndipo imakhudza anyamata a ku United States, Canada ndi Puerto Rico. A kwina amalowa mwa njira ina, monga anachitira Gift Ngoepe wa ku South Africa, yemwe anasewerera Pittsburgh Pirates mu 2017. Maligi a pa intaneti amatengera dongosolo lomweli, kungoti achinyamatawo nthawi zambiri ndi opangidwa ndi kompyuta.

Kwa ife ozolowera mpira wamiyendo, chodabwitsa ndi kutalika kwa ulendo. Mnyamata wowala mu ligi ya m'dera akhoza kuvala jezi ya timu yaikulu chaka chomwecho. Ku baseball wosankhidwa amakwera makwerero a maligi ang'onoang'ono, kuchokera ku Rookie kudzera Single-A, High-A, Double-A mpaka Triple-A, ndipo zimenezi zimatenga zaka zitatu, zinayi kapena kuposerapo. Ambiri safika n'komwe. Choncho posankha simukufunsa kuti ndani akusewera bwino lero. Mukufunsa kuti mwana uyu adzakhala munthu wotani akadzakwanitsa zaka 24.

Osaka luso, omwe amatchedwa ma scout, amapereka malikisi pa sikelo yoyambira 20 kulekeza 80. Apa 50 ndi mulingo wa wosewera wamba wa ligi yaikulu, 60 ndi wabwino, 70 ndi wosowa, 80 ndi wa kamodzikamodzi. Amene mukuphunzira statistics muzindikira msanga chifukwa chake: sitepe iliyonse ya 10 ikuimira standard deviation imodzi, kotero kuti ofika 70 ndi pafupifupi awiri okha pa 100. Womenya mpira amayesedwa pa zinthu zisanu: kumenya molondola, mphamvu, liwiro, kugwira mpira ndi dzanja loponyera. Woponya amayesedwa pa ukali wa mipira yake, kupinda kwake, ndi kutha kuuika pomwe akufuna.

Wosewera aliyense amakhala ndi manambala awiri, ya luso la lero ndi ya luso lomwe angadzafike nalo. Atsopano mu ligi maso amathamangira pa nambala yachiwiriyo. Akaona 70 mtima umagunda. Koma nambala imeneyi si lonjezo, ndi denga chabe, ndiponso ndi denga monga akulionera scout wanu, yemwe pulogalamuyo inamupanga dala kuti azilakwitsa. Mu Out of the Park muli malipoti a mitundu iwiri, a scout wa timu yanu ndi a bungwe la OSA omwe matimu onse amaona. Awiriwa akagwirizana mukhoza kupumako. Akasiyana kwambiri, dziwani kaye khalidwe la scout wanu, chifukwa ena anapangidwa kuti azikopeka ndi thupi ndi mphamvu, ena ndi luso looneka kale pabwalo. Ngakhale mneneri Samueli, ku nyumba ya Jese, anayamba wakopeka ndi msinkhu wa Eliyabu, ndiye scout wa pa kompyuta tingamudabwe bwanji?

Tiyerekeze ndi manambala athuathu. Pali woponya wa zaka 18 wochokera ku sekondale, lero ali pa 20, denga lake 70. Palinso shortstop wa zaka 22 wochokera ku koleji, lero ali pa 40, denga 55. Muyezo wotchedwa WAR umawerenga magemu amene wosewera wawonjezera pa chipambano cha timu poyerekeza ndi wongogwirizira malo. Tinene kuti woponyayo ali ndi mwayi umodzi pa isanu wodzapereka WAR 30; tikachulukitsa tipeza 6. Shortstop uja ali ndi mwayi utatu pa isanu wodzapereka 12, tipeza 7.2. Masamu akuti tengani wa ku koleji, ndipo akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Nkhani sithera pamenepo. Timu imakhala ndi malo 26 okha, ndipo osewera apakatikati amapezeka pamsika chaka chilichonse, pamene katswiri weniweni palibe amene angakugulitseni motchipa. Ife tikuona kuti timu yosauka, yomwe ili kutali ndi chikho, iyenera kulolera chiopsezo m'ndime yoyamba, chifukwa draft ndi khomo lokhalo lomwe katswiri angaloweremo kwawo. Timu yomwe ikupikisana kale ingatenge wa ku koleji amene afike msanga. Chimene sitikugwirizana nacho ndi kusankha potengera dzenje lomwe lilipo lero. Ngati mulibe catcher chaka chino, mwana wa zaka 18 sathetsa vuto limenelo. Pofika nthawi yoti akhwime timu yanu idzakhala itasintha nkhope.

Oponya mpira ali ndi vuto lawolawo: mkono. Opaleshoni ya chigongono yotchedwa Tommy John, yomwe Dr Frank Jobe anaichita koyamba mu 1974, imachotsa munthu pabwalo kwa chaka kapena kuposa. Pulogalamu nayo imasonyeza ngati wosewera ndi wosachedwa kuvulala, komanso khama lake pa ntchito ndi nzeru zake. Awiri akafanana pa luso, tengani wakhama. Yang'ananinso malo amene amasewera. Shortstop akalephera angasamukire kumalo kosavuta n'kukhalabe wothandiza, koma wa pa first base ndodo ikamukana alibenso kolowera.

Za ziwerengero za kusukulu tingonena mwachidule: musazikhulupirire zokha. Wa zaka 22 wopondereza ana a zaka 19 sanaonetse zambiri. M'moyo weniweni amenewa amamenyanso ndi ndodo zachitsulo, pamene akatswiri amagwiritsa ntchito zamtengo, n'chifukwa chake ma scout amakonda kukaonera Cape Cod League komwe ophunzira a ku koleji amamenya ndi mtengo.

Mbiri ya draft yeniyeni iyenera kutitonthoza tonse. Mu 1966 New York Mets anatenga Steve Chilcott poyamba, kusiya Reggie Jackson yemwe anatengedwa wachiwiri. Chilcott sanasewerepo mu ligi yaikulu, Jackson ali mu Hall of Fame. Brien Taylor, woyamba wa 1991, anavulala phewa pa ndewu mu 1993 ndipo sanafikenso. Mu 2009 Mike Trout anasankhidwa wa nambala 25. Albert Pujols anadikira mpaka ndime ya 13 mu 1999, kenako anamenya ma home run 703. Mike Piazza anatengedwa mu ndime ya 62 mu 1988, wa nambala 1,390, ndime yomwe lero kulibenso. Amene anasankha onsewa anali anthu olipidwa, oyenda dziko lonse kukaonera ana ndi maso awo. N'chifukwa chake ndime zakumapeto si zongosiyira kompyuta. Kumeneko funani munthu wokhala ndi luso limodzi lalikulu, kaya mphamvu ya 65 kapena mpira umodzi woopsa, m'malo mwa wa 40 pa chilichonse.

Pali nkhani ina yotikhudza ife mwapadera. Maligi ambiri amapatsa timu iliyonse maola owerengeka kuti isankhe, ndipo chifukwa eni matimu ali m'mayiko osiyanasiyana, nthawi yanu ikhoza kugwa Lachisanu usiku kapena pa Sabata. Njira yake ndi yophweka: konzani mndandanda wanu Lachinayi, muutumize kwa woyendetsa ligi kapena muulowetse pomwe ligiyo imalandirira, kuti nthawi yanu ikakwana asankhidwe wapamwamba amene watsala. Phindu lina ndi lakuti mndandanda wolembedwa mutu uli wozizira umaposa chisankho cha wotchi ikuthamanga. Ligi yofuna ndalama za kubetcha ingoisiyani. Zaulere zilipo zambiri.

Draft ikatha, anthu amafulumira kupatsana magiredi, uyu A, uyu C. Amenewo ndi macheza chabe, chifukwa onse akuwerenga manambala omwewo a OSA. Kuunika kwenikweni kumafuna masizoni asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo mu ligi yothamanga imeneyo ikhoza kukhala chaka chimodzi kapena ziwiri za moyo wathu. Mukafika pamenepo musayerekeze wanu ndi katswiri mmodzi amene anatuluka mu draft yonseyo. Muyerekezeni ndi asanu kapena khumi amene anatengedwa motsatana naye, poti amenewo ndi amene munali nawo m'manja. Kuti zitheke, tsiku la draft lembani m'kope mizere iwiri pa wosewera aliyense: manambala ake a tsikulo, zaka zake, ndi amene munamusiya kuti mutenge iyeyo.