Kodi mumadziwa? Makompyuta amakanganirana chimene chiyenera kutsogola

Kodi mumadziwa kuti tsiku limene asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu a ZIPRA ku Kavalamanja limatha kusuntha pafupifupi miyezi itatu wina asanasinthe nambala ngakhale imodzi? Ife tikalemba 6/3/1978 timanena za pa 6 Malichi. Munthu wa ku America akaliona awerenga kuti pa 3 Juni, chifukwa kwawo mwezi ndiwo umatsogola. Makompyuta nawo ali ndi mkangano wotere, kungoti iwo amalimbana pa mabaiti.

Kodi mumadziwa kuti baiti imodzi imasunga nambala yoyambira 0 kulekezera 255 basi? Nambala ikaposa apo imafuna mabaiti awiri kapena ochulukirapo, ndipo mpamene pagona nkhani. Makina ena amatsogoza baiti yaikulu, ndipo amatchedwa big-endian. Ena amatsogoza yaing'ono, awa ndi little-endian. Makompyuta a Intel ndi AMD ali mbali ya little-endian, chimodzimodzi foni ya Android imene ili m'thumba mwanumo. Zimakompyuta zikuluzikulu za IBM, zimene mabanki ambiri padziko amadalira, zili mbali inayo.

Nanga munaganizapo za kukula kwa ngoziyi? Tiyerekeze kuti mayi wogula nsomba zouma ku Lusaka watumizira msodzi wa m'mbali mwa Zambezi K1,000. Nambala 1,000 imalowa m'mabaiti awiri: ina yasunga 3, ina 232. Kompyuta imawerengera kuti 3 kuchulukitsa ndi 256, kuphatikiza 232, ndiye 1,000. Koma makina olandira akayambira kumapeto, aona 232 kuchulukitsa ndi 256, kuphatikiza 3. Zatuluka K59,395! Msodzi asasekerere msanga, chifukwa kusokonekera komweko kumasandutsa K256 kukhala K1.

Kodi mumadziwa chifukwa chake zotere sizikuchitikirani? Amene anakonza malamulo a intaneti anagamuliratu kuti manambala olondolera uthenga, monga adiresi ya kumene ukupita, aziyenda baiti yaikulu ili patsogolo. Choncho foni yanu imatembenuza mabaiti potumiza, n'kuwatembenuzanso polandira. Olemba mapulogalamu ali ndi timalamulo ta ntchitoyi, monga htons ndi ntohs. Woiwala timeneti amapusitsika koopsa: pulogalamu yake imayenda bwinobwino pa makina ake, n'kukabalalika ikakumana ndi makina a mtundu wina.

Kodi mumadziwa kuti maina aja a big-endian ndi little-endian anachokera ku mazira? Pa 1 Epulo 1980, katswiri Danny Cohen anawabwereka m'buku la Jonathan Swift la 1726, Gulliver's Travels, mmene anthu amamenya nkhondo polimbana za mbali yoswera dzira lophika. Mfundo ya Cohen inali yoti kugwirizana pa njira imodzi n'kofunika kuposa kupeza njira yopambana. Kunena zoona, bamboyu sananame.

Kodi mumadziwa kuti pulogalamu yoyendetsa kompyuta yotchedwa Unix itasamutsidwa kuchoka pa kompyuta ya PDP-11 kupita pa ina ya IBM, inalemba dzina lake kuti nUxi chifukwa mabaiti anasinthana malo?

Nacho china cha ife eni chinenero. Chilembo ŵ, chija cha mu Malaŵi, nambala yake ndi 373, ndiye kuti mabaiti 1 ndi 117. Mukawasinthanitsa, pa sikirini patuluka chilembo cha Chitchaina. Komanso ŵ mulibe m'gulu la zilembo wamba za SMS, motero mukaika mmodzi yekha, foni imayamba kupatsa chilembo chilichonse mabaiti awiri, ndipo uthenga wa zilembo 160 umatsikira pa 70. Mayunitsi amatha choncho mwini wake osadziwa.

Kodi mumadziwa kuti chithunzi chimene mwajambula pamene Luangwa amathira mu Zambezi, Zumbo akuonekera kutsidya, chimaulula chokha ngati chili mbali ya big-endian kapena ya little-endian? M'kati mwake, pamene pamalembedwa tsiku ndi mtundu wa foni, mumayamba ndi zilembo ziwiri: II kutanthauza Intel, kapena MM kutanthauza Motorola.

Ndipo nambala ya foni imayenda chogadama mu SMS, manambala awiriawiri atasinthana malo. Yoyamba ndi 260977 imanyamuka ili 629077.