Akayeza n'kupeza kuti malungo palibe, musachulutse Panado

Ku America, komwe fentanyl wapha anthu ambiri, kuli timapepala toyezera ngati fentanylyo wasakanizidwa m'mankhwala ozunguza bongo. Timathandiza, koma timangosonyeza kuti alimo, osati kuchuluka kwake. Kachipangizo koyezera malungo kamene alangizi a zaumoyo amagwiritsa ntchito m'midzi ya ku Dowa ndi Ntchisi nakonso kamayankha funso limodzi lokha.

Yambani mwaona mzere wa pa C. Ukapanda kutuluka, ayezenso. Mizere iwiri ikhoza kutulukabe patatha milungu ingapo mwana atamaliza LA, choncho auzeni adokotala ngati anamwa posachedwa.

Vuto lalikulu limabwera ukatuluka mzere wa pa C wokha, thupi likutenthabe. Chipatala chili kuseri kwa phiri, ndiye kholo limangopatsa mwana Panado pafupipafupi, n'kuwonjezera mankhwala a chimfine a m'golosale. Ambiri mwa mankhwala amenewa alinso ndi paracetamol, yemweyo wa mu Panado. Akachuluka amawononga chiwindi mwakachetechete: tsiku loyamba mwana akhoza kungosanza kapena kuoneka bwinobwino, maso achikasu n'kubwera patapita masiku.

Mlingo wa mwana umatengera sikelo yake, ndipo asamwe koposa ka 4 pa maola 24. Ngati wapyola apo, musadikire zizindikiro, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, mutatenga mapaketi onse.

Inu mavolontiya, musangofunsa ngati mwana wamwa mankhwala. Funsani kuti ati, angati, nthawi yanji.