Nyamakazi yopinda zala: Indosidi amangogoneka ululu

Kukacha m'midzi ya kwa Inkosi Kachindamoto, ntchito iliyonse imafuna manja. Mlimi wa mpunga pa sikimu ya Bwanje Valley amawokera mbande ndi zala, mmisiri wa ziboliboli ku Mua amagwira sompho, mayi wa ku Golomoti amagwira munsi. Koma alipo ena amene amadzuka zala zitauma gwa, mfundo zake zitatupa ndi kutentha, moti kumanga chitenje kumadikira dzuwa likwere.

Kumudzi ululu uliwonse wa m'mafupa timangoti nyamakazi. Komatu ilipo ya mitundumitundu. Ina imabwera ndi ukalamba, mawondo akaperepeseka. Imene madokotala amaitcha rheumatoid arthritis ndi ina: chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi mfundo za mwini wake. Imakonda kugwira manja onse awiri mofanana, ndipo kuuma kwa m'mawa kumatha ola lathunthu kapena kupitirira. Bungwe la World Health Organization limati mu 2019 anthu 18 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa, ndipo 70 mwa 100 alionse anali amayi.

Ululu ukavuta, ambiri amathamangira pa okala kukagula Indosidi, Brufen kapena Diclofenac. Ena amapita kukatemera mphini poganiza kuti anaponda mankhwala. Mapiritsi a pa okala amachepetsadi ululu, munthu n'kupita kudimba. Koma matenda amakhala akudyabe mfundo mwakachetechete mpaka zala kupindika osawongokanso. Kumwa mapiritsiwa miyezi yambiri kumabweretsanso zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso.

Prednisolone ndiye amanyenga kwambiri. Amaphwetsa chotupa m'masiku ochepa, wodwala n'kuona ngati wachira. Akamwedwa nthawi yaitali popanda dokotala amatupitsa nkhope, amakweza shuga ndi BP, mafupa n'kufooka. Woti wamwa kwa milungu yambiri asamusiye mwadzidzidzi; dokotala ndiye amatsitsa mlingo pang'onopang'ono.

Mankhwala olimbana ndi gwero la matendawa ndi ena. Otsogola ndi methotrexate, amene amamwedwa kamodzi pa mlungu, tsiku lomwelomwelo, osati tsiku lililonse ayi. Kulakwitsa pamenepa kwaphetsapo anthu. Amaperekedwa pamodzi ndi folic acid, ndipo wodwala amayezetsa magazi pafupipafupi kuti aone chiwindi ndi kuchuluka kwa magazi. Mayi woyembekezera, woyamwitsa kapena wofuna kutenga pakati samwa mankhwalawa. Kachasu nayenso sayendera limodzi nawo.

Chenjezo lina ndi la kuno kwathu. Anthu ambiri amene ali pa ma ARV amamwanso Bactrim tsiku ndi tsiku, ndipo Bactrim akakumana ndi methotrexate amatha kugwetsa magazi moopsa. N'chifukwa chake buku la kuchipatala liyenera kuonetsedwa lonse, osabisa tsamba. Dokotala amafunanso kudziwa za TB ndi matenda a chiwindi asanayambitse mankhwala ofooketsa chitetezo.

Palinso sulfasalazine ndi hydroxychloroquine. Wachiwiriyu ndi m'bale wake wa chloroquine uja amene Malawi anasiya kuchizira malungo mu 1993. Womumwa amayenera kupimitsa maso nthawi ndi nthawi.

Vuto lalikulu ndi kudekha. Methotrexate amatha milungu 6 mpaka 12 asanaonetse mphamvu, ndipo amene anazolowera piritsi loziziritsa ululu pa ola limodzi amataya mtima msanga. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ulendo wokapeza mankhwalawa nawo ndi wodula. Umayambira pa chipatala chaching'ono cha Mtakataka kapena Golomoti, mwinanso pa chipatala cha mishoni ku Mua. Kalata ikalembedwa, wodwala amakwera zitunda za Khwekhwerere kupita ku Dedza boma, nthawi zina mpaka ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Ndalama ya kabaza ndi minibasi imaposa ya Indosidi wa mwezi wonse.

Koma mfundo ikawonongeka sibwereranso, pamene mankhwala oyambidwa m'miyezi yoyambirira amatha kugoneka matendawa zaka zambiri. Zala zikatupa n'kumauma m'mawa kwa milungu ingapo, nthawi yonyamuka ndi yomweyo, zisanafike polephera kugwira mpini wa khasu.